Mpira wa Dzira ku Melbourne: Cikho Cinabwera, Koma Cinadya Mitu Iwiri

Aliyense amene amakwera minibasi mu Lusaka adziwa kuti pa Mande m'mawa mulibe nkhani ina koma mpira. Kucokera ku Matero, ku Chawama kapena ku Mtendere mpaka kufika mu tauni, kochi wa Arsenal amakhala atacotsedwa nchito katatu, ndipo bamudala a kumpando wa kumbuyo amakhala atasankha kale timu yonse ya Chipolopolo. Kondakita angaiwale cenji yanu, koma sangaiwale amene anaphonya penoti.

Matenda amenewa si athu tokha. Ku Melbourne, likulu la cigawo ca Victoria ku Australia, anthu amakangana cimodzimodzi m'masitima ndi m'matramu popita ku nchito. Kusiyana kwake n'kwakuti mpira wawo si uyu wathu wobulungira. Ni wooneka monga dzira, amaucha footy, ndipo ligi yake yaikulu ni AFL. Muli matimu 18, ndipo 9 mwa iwo ali mu Melbourne momwemo. Tsiku lacisanu loti mawa ni fainolo, boma la Victoria limapereka holide.

Pa matimu onsewa, imene imayambitsa mikangano yambiri ni Collingwood. Cikho cimene inatenga mu 2023 cikali kukambidwa mpaka lero, osati cifukwa ca zigoli cabe. M'masabata anayi a mafainolo a caka cimeneco, anyamata awiri anagundidwa kumutu, ndipo onse awiri sanabwererenso pabwalo.

Malamulo ake mwacidule

Kuti timvane, tiyambe ndi mmene mpirawu umaseweredwera. Bwalo lake ni lalikulu, lozungulira monga la cricket. Timu iliyonse imalowetsa osewera 18. Kulibe ofusaidi ndipo kulibe goloboyi. Mbali iliyonse kuli mizati inayi. Mukamenya mpira ndi mwendo n'kudutsa pakati pa mizati iwiri italiitali ya pakati, ndiye cigoli, mapointi 6. Ukadutsa m'mbali, pakati pa mzati wautali ndi waufupi, ni pointi imodzi cabe, imene amaicha behind.

Mpira mungaugwire ndi manja n'kuthamanga nawo, koma muyenera kuugunditsa pansi pa mamita 15 alionse. Kuuponya n'koletsedwa. Mukafuna kupatsa mnzanu ndi manja, mumauika pa cikhatho n'kuumenya ndi nkhonya. Mukawakha mpira umene wina wamenya ndi mwendo mtunda wa mamita 15 kapena kuposa usanagunde pansi, imeneyo ni mark, ndipo palibe amene angakukhudzeni mpaka mutaumenya. N'cifukwa cake mumaona anyamata akukwera pamsana pa anzawo m'mwamba monga anyani pa mtengo wa mango. Lamulo limalola.

Masewera amagawidwa panayi, mphindi 20 gawo lililonse, ndipo wochi imaima mpira ukaima. Kugwetsana n'kololedwa malinga mwagwira pakati pa mapewa ndi maondo. Osewera savala zodzitetezera zolemera monga a mpira wa ku America. Kabudula, malaya opanda manja, nsapato ndi kotetezera mano, basi.

Timu yokondedwa, timu yodedwa

Collingwood inayamba mu 1892 m'dera la anthu osauka ogwira nchito m'mafakitale, makamaka a nsapato. Tinene kuti inali timu ya mu komboni. Imavala mizere yakuda ndi yoyera monga TP Mazembe ya ku Lubumbashi, ndipo dzina lake loceza ni Magpies, mbalame yakuda ndi yoyera yofananako ndi khwangwala. Ili ndi mamembala olipira opitirira 100,000. Ku Melbourne, ngati simusapota Collingwood ndiye kuti mumaida. Pakati palibepo.

Mbiri yake ili ndi ulemerero ndi misozi yomwe. Inatenga cikho zaka zinayi zotsatizana, 1927 mpaka 1930. Koma kucokera mu 1958 inakhala zaka 32 yopanda cikho, ikufika pa fainolo n'kugwa, mpaka adani ake anapeka dzina la matendawo: Colliwobbles, kutanthauza kunjenjemera kwa Collingwood pa tsiku lalikulu.

Caka ca 2021 cinali coipa zedi. Lipoti lochedwa Do Better linapeza kuti mu kalabu munali tsankho lozika mizu, pambuyo pa madandaulo a Héritier Lumumba, amene anatenga nawo cikho mu 2010. Pulezidenti wa kalabu, Eddie McGuire, anatula pansi udindo. Kochi Nathan Buckley anacoka pakati pa sizoni, ndipo timu inathera pa nambala 17 mwa matimu 18.

Kochi wocokera kwa adani

Amene anapatsidwa nchito yokonza zinthu ni Craig McRae. Masapota acikulire sanaiwale kuti munthu ameneyu anali mu timu ya Brisbane Lions imene inatenga zikho zitatu, 2001, 2002 ndi 2003, ndipo ziwiri zomalizazo inazitenga pokwapula Collingwood yomweyi pa fainolo.

McRae anasintha kaseweredwe. Kale Collingwood inali kuyendetsa mpira pang'onopang'ono m'mbali mwa bwalo, kumenyerana timapasi totetezeka. Iye anauza anyamata kuti adzidutsa pakati penipeni, mothamanga, akupatsirana ndi manja. Amene amayenda mu Lusaka amvetsa: pakati pa bwalo pali monga Cairo Road. Ndiyo njira yacidule, koma mukafera pamenepo aliyense akuonani. Mukataya mpira pakati, adani amakhala ndi njira yoongoka yopita ku mizati yanu, pamene oteteza anu ali kutsogolo.

Apa ndiye panayambira mkangano woyamba wa masapota. Mu 2022 timu inapambana masewera 11 otsatizana, ambiri mwa iwo ndi mapointi ocepa kwambiri. Otsutsa anati ni mwayi cabe, ndipo mwayi umatha. Okhulupirira anati iyayi, timu imene imayeseza mphindi zomaliza pa maphunziro, mmene ingasungire mpira ikakhala patsogolo ndi mmene ingathamangire ikakhala kumbuyo, sipambana mwangozi. Caka cimeneco Collingwood inagwa ndi pointi imodzi kwa Sydney, patatsala sitepe imodzi kufika pa fainolo, ndipo otsutsa anaseka.

Mu 2023 inatsogola ligi, n'kupambana masewera atatu a mafainolo ndi mapointi 7, kenako 1, kenako 4. Mukaphatikiza ni mapointi 12, zigoli ziwiri cabe pa masewera atatu. Amene amati ni mwayi akali kunena, ndipo amene amati ni nzeru za kochi nawonso sanatope.

Ana a eni nyumba

Mkangano wina ni wa osewera. Ku AFL timu yolemera singangogula aliyense monga zimacitikira ku England. Pali malire a ndalama zimene kalabu ingalipire osewera ake onse, ndipo acinyamata atsopano amasankhidwa pamzere, timu yothera pansi ndiyo imayamba kusankha. Koma pali khomo lina: ngati bambo anasewerera kalabu masewera 100 kapena kuposa, kalabuyo ili ndi ufulu woyamba kutenga mwana wake.

Collingwood inadyerera pa lamuloli. Kapiteni Darcy Moore ni mwana wa Peter Moore, amene anasewera mafainolo ndi Collingwood koma cikho osacigwira. Abale awiri, Josh ndi Nick Daicos, ni ana a Peter Daicos, katswiri wa timu imene inathetsa Colliwobbles mu 1990. Masapota a matimu ena amati ni kukondera, cifukwa timu yatsopano ilibe madala oti abereke akatswiri. A Collingwood amayankha kuti magazi ni magazi.

Mu timu yomweyo munali Mason Cox wa ku Texas, wamtali masentimita 211, amene anali wa basketball ndipo amasewera atavala magalasi cifukwa maso ake anavulala. Munali Isaac Quaynor, woteteza wolimba amene bambo ake ni a ku Ghana. Munalinso madala awiri, Scott Pendlebury wa zaka 35 ndi Steele Sidebottom wa zaka 32, otsala a cikho ca 2010, amene masapota ena anali kuwauza caka ndi caka kuti miyendo yatha, apumule.

Mndandanda wa ku cipatala

Ku Melbourne, pakati pa sabata anthu amadikira mndandanda wa ovulala monga mmene ife timadikirira mtengo watsopano wa mafuta kumapeto kwa mwezi. Mu August 2023, Nick Daicos, ali ndi zaka 20, anang'aluka fupa la pa bondo posewera ndi Hawthorn. Panthawiyo ndiye anali kutsogola pa mpikisano wa mendulo ya Brownlow, imene imapita kwa wosewera bwino koposa malinga ndi mavoti a oimbira masewera. Anakhala panja masewera omaliza a ligi. Mavoti atawerengedwa, Lachie Neale wa Brisbane anapeza 31, Marcus Bontempelli 29, Daicos 28. Musauze sapota wa Collingwood kuti Neale anayenera. Mudzatsika pa siteshoni yolakwika.

Taylor Adams, waciwiri kwa kapiteni, anakoka mnofu wa kumbuyo kwa nchafu pa maphunziro ndipo fainolo anaionera panja. Dan McStay anagoletsa zigoli ziwiri pa masewera olowera ku fainolo ndi GWS Giants, amene Collingwood inapambana 58 kwa 57, koma anavulala mtsempha wa bondo tsiku lomwelo. M'malo mwake kochi anaika Billy Frampton, amene nthawi zambiri ni woteteza, n'kumutumiza kutsogolo kuti akangosokoneza Harris Andrews, woteteza wamkulu wa Brisbane. Frampton mpira sanaugwire kwenikweni tsiku limenelo. Ena amati anangokwera basi yaulere kupita ku mendulo. Ena amati nchito imene anapatsidwa sinali yooneka ndi maso. Bondo ndi nchafu zimapola. Nkhani yovuta inali ya mutu.

Kulumpha kwa Maynard

Pa 7 September 2023, pa bwalo la MCG, Collingwood inakumana ndi Melbourne. M'gawo loyamba, Angus Brayshaw wa Melbourne anali kuthamanga ndi mpira kuti aumenye kutsogolo. Brayden Maynard wa Collingwood analumpha manja ali m'mwamba kuti auchinge. Mpira unapita, koma Maynard potsika anatembenuka, ndipo phewa lake linagunda nkhope ya Brayshaw. Brayshaw anakomoka pomwepo n'kutengedwa pa macila. Anali atavulalapo kumutu kangapo m'mbuyomo, ndipo anali kusewera atavala cipewa cotetezera.

Sabata imeneyo mzinda unagawikana. A Melbourne anati munthu akasankha kulumpha, zonse zimene thupi lake lidzacite potsika ni mlandu wake. A Collingwood anati kuchinga mpira ni mbali ya masewera, ndipo munthu ali m'mwamba alibe mabuleki. Nkhani inapita ku bwalo la milandu la AFL, limene linamva umboni kwa maola angapo n'kumasula Maynard. Anasewera masewera onse otsala.

Mu February 2024, madokota atayang'ana zithunzi za ubongo wake n'kuona kusintha, Brayshaw analeka mpira ali ndi zaka 28. AFL inasintha lamulo: manje wolumpha kuti achinge mpira ayenera kucita zonse zotheka kuti asagunde mutu wa mnzake, apo ayi alangidwa. Kunena kwina, cimene Maynard anamasulidwa naco mu 2023 lero cingamucotse pabwalo.

Tsiku la fainolo

Fainolo inali pa 30 September, pamaso pa anthu 100,024. Inayamba 14:30 ku Melbourne, kuno kwathu ili 06:30, mabasi oyamba atadzaza kale. Mmawa womwewo mkazi wa McRae anabereka mwana wamkazi, ndipo anamucha Maggie.

Bobby Hill, mnyamata wa mtundu wa eni dziko la Australia amene caka cathaco anali kulimbana ndi khansa, anagoletsa zigoli zinayi ndipo anapatsidwa mendulo ya Norm Smith ya wosewera bwino koposa pa fainolo. Patatsala mphindi zisanu ndi pang'ono, Charlie Cameron anaika Brisbane patsogolo. Mpira utangoyambanso pakati, Nick Daicos anapatsira Jordan De Goey, amene anaumenya ali kutali n'kugoletsa. Posakhalitsa mdala uja Sidebottom, wa miyendo yotha, anamenya wina kucokera kunja kwa mzere wa mamita 50. Joe Daniher anabwezako cimodzi, koma nthawi inatha. Collingwood inagoletsa zigoli 12 ndi ma behind 18, mapointi 90. Brisbane inagoletsa zigoli 13 ndi ma behind 8, mapointi 86. Onani bwino: ogonja ndiwo anagoletsa zigoli zambiri. Tima pointi timodzitimodzi tija ndito tinabweretsa cikho.

Cinali cikho ca nambala 16, kufanana ndi Carlton ndi Essendon. Amene anacipereka kwa kapiteni Darcy Moore anali bambo ake, Peter Moore.

Cikomekome ca mkuyu

Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa zithunzi za cikondwerero pali Nathan Murphy, woteteza wosaopa kuika mutu pamene ena amaika phazi. M'gawo loyamba la fainolo anagundidwa kumutu. Iye mwini anauza madokota kuti maso sakuona bwino, ndipo sanabwererenso. Patrick Lipinski ndiye analowa m'malo mwake. Tangoganizani: fainolo ya moyo wanu, anthu 100,000 akukuwa, inu n'kunena nokha kuti ndicotseni.

Aka sikanali koyamba kuti Murphy avulale motero. Mu April 2024, gulu la madokota a AFL linamulangiza kuti aleke. Anali ndi zaka 24, atasewera masewera 57 cabe. Masewera ake omaliza anali fainolo imeneyo.

Cifukwa cimene madokota aku Australia sasekera nkhaniyi cilipo. Ubongo wa akatswiri akale atatu, Polly Farmer, Danny Frawley ndi Shane Tuck, utapimidwa iwo atamwalira unapezeka ndi matenda ochedwa CTE, amene amagwirizana ndi kugundidwa kumutu mobwerezabwereza. Mu 2023, osewera akale motsogoleredwa ndi Max Rooke wa Geelong anasumira AFL ku khoti. Kuyambira mu 2021, wosewera wa AFL amene ubongo wake wagwedezeka sangasewere asanathe masiku 12, ndipo mu 2024 masiku amenewa anakwezedwa kufika 21 kwa ana ndi matimu a m'madera.

Masapota ena acikulire amadandaula kuti mpira wafewa, wasanduka wa ana a sukulu. Koma ngakhale pakati pa a Collingwood, kakambidwe kasintha. Kale ngwazi inali imene yadzuka n'kupitiriza magazi ali cucucu. Lero ambiri amachula Murphy kuti ndiye anacita camuna, cifukwa woteteza wosaona bwino akanawadyetsa zigoli, ndiponso akanadziwononga yekha.

Caka cotsatira cinawapatsa otsutsa aja mpata. McStay anaduka mtsempha waukulu wa bondo sizoni isanayambe, Adams anapita ku Sydney, Murphy kunalibe, ndipo Collingwood inathera pa nambala 9, kunja kwa mafainolo. Cikho ca 2024 cinapita kwa Brisbane.

Nanga pa mabwalo athu?

Ife a Zambia tidziwa ululu wa mnyamata wa zaka 24 amene dokota wamuuza kuti basi. Mu October 2022, Enock Mwepu analeka mpira ku Brighton pa msinkhu womwewo cifukwa ca vuto la mtima. Tinalira, koma tinathokozanso kuti linapezeka iye akali moyo. Linapezeka cifukwa anali kumalo kumene kuli madokota ndi makina.

Manje ganizirani mabwalo a fumbi a mu komboni pa Sande masana. Anyamata awiri alumphira mpira umodzi, mitu igundana, mmodzi agona. Cimene timacita tonse ticidziwa: kumuthira madzi, kumuimiritsa, kumufunsa ngati ali bwino. Iye adzati ali bwino, cifukwa pali kubeca, pali atsikana akuonerera, ndipo pa benchi palibe wina. Ubongo wogwedezeka ulibe bala looneka, ndipo munthu sacita kufunika kukomoka kuti ukhale wavulala. Zizindikiro zake ni mutu kuwawa, cizungulire, kuona zinthu ziwiriziwiri kapena mwacimbuuzi, kusanza, kusokonezeka, ndi kuiwala zimene zangocitika. Woonetsa cimodzi mwa izi asabwerere pabwalo tsiku limenelo, asasiyidwe yekha, ndipo apite ku kiliniki. Akayamba kusanza mobwereza, kugona mosadzutsika kapena kukomoka, ni wa ku cipatala msangamsanga. Kugundidwa kaciwiri ubongo usanapole ndiko koopsa koposa.

Ku Melbourne anafika pa malamulo a masiku 12 ndi 21 atataya anthu ndi kukokerana ku makhoti. Ife malamulowo tingawatenge kwaulere. Makochi a matimu a ana, aphunzitsi a masewera m'masukulu ndi makolo oimirira m'mbali mwa bwalo safunika makina kuti anene mawu awiri: khala pansi. Mwana akakwiya, akwiye. Sande ina ikubwera, ndipo mutu ali nawo ni umodzi.